Mapepala ali m'manja mwa bwana: zimene wopita kunja wa ku Thyolo ayenera kudziwa

Mvula ikangosiya mu Epulo kapena mu Meyi, tiyi wa ku Thyolo amayamba kuphuka mwaulesi. Madengu amene mu Januwale ankadzaza dzuwa lisanafike pamutu amafika pa sikelo ali theka, ndipo ntchito ya anthu ambiri imathera pomwepo. Ku Satemwa, ku Makandi, ku Conforzi, ku Naming'omba ndi m'maesiteti a Eastern Produce, othyola tiyi ochuluka amalembedwa kwa nyengo chabe. Ntchito ikafika pachimake, makampani a tiyi m'Malawi amakhala ndi antchito pafupifupi 50,000, koma chilimwe chikalowa chiwerengerocho chimatsika kwambiri.

Wobwerera kumudzi sapezako munda woti n'kumudyetsa chaka chathunthu. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 720,000 m'boma la Thyolo, pamene nthaka yabwino yambiri ili ndi tiyi ndi makadamiya. N'chifukwa chake macheza a achinyamata pa Bvumbwe, pa Luchenza ndi pa Goliati amathera ku Joni, ndipo masiku ano awonjezerapo Israel, Oman ndi Britain. Mafunso awo ndi omwewo chaka ndi chaka. Kodi pasipoti yokha ndi yokwanira? Masiku akatha chimachitika n'chiyani? Nanga sponsa amene akutchulidwa pa Facebook uja ndi ndani, ndipo mphamvu zake pa iwe zimalekera pati?

Nkhani yokhala m'dziko la eni mwa chilolezo cha bwana si yachilendo m'bomali. Agogo a anthu ambiri a ku Thyolo adachokera kutsidya kwa mtsinje wa Ruo, kumene kunkalamulira Apwitikizi. Kuyambira kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, Alhomwe ankawoloka m'magulumagulu kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza. Panalibe wowafunsa pasipoti. Eni maesiteti adawalandira ndi manja awiri popeza ankasowa antchito, nawapatsa pomanga nyumba ndi polima pang'ono, koma pa pangano limodzi: ukhala pano pokhapokha ukugwirira ntchito mwini malo. Limeneli ndilo linali thangata. Wokana ankathamangitsidwa, ndipo poti kwawo adachita kuthawako, analibe kolowera. Mkwiyo wa zimenezi udaonekera m'zipolowe za ku Thyolo mu 1953, ndipo thangata lidathetsedwa mwalamulo mu 1962. Mbiriyi ndi yofunika kuikumbukira, chifukwa maviza ambiri a ntchito amene zidzukulu zawo zikuthamangira lero adamangidwa pa mfundo yomweyo: ufulu wokhala m'dzikomo uli m'manja mwa amene wakulemba ntchito.

M'badwo wotsatira udapita ku migodi ya ku South Africa kudzera ku Wenela. Ntchitoyo inali yowawa, koma munthu ankanyamuka ali ndi kontirakiti yodziwika ndi maboma onse awiri, ndipo gawo lina la malipiro ankalilandira atabwerera kumudzi. Mu Epulo 1974 ndege yonyamula antchito a m'migodi idagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74, ndipo Dr. Kamuzu Banda adaletsa ulendowo. Udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA, imene anthu ankangoti Theba, n'kutha mu 1988 pa mkangano wokhudza kuyeza Amalawi kachilombo ka HIV. Kuchokera nthawi imeneyo khomo lovomerezeka la munthu amene sadapite patali ndi sukulu lidatsekeka. Ulendo wokha sudathe. Mabasi akunyamukabe mu Blantyre kudzera pa Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka Beitbridge, ndipo aliyense mmenemo amadzionera yekha za mapepala.

Mmalawi wokhala ndi pasipoti safunika viza kuti akacheze ku South Africa. Pachipata amamudindira masiku osapitirira 30. Ambiri amasokonekera pamenepa, chifukwa chidindocho ndi cha mlendo wodzacheza. Sichilola ntchito iliyonse, kaya yothyola mphesa ku Western Cape, kaya yosamalira maluwa panyumba ya munthu ku Randburg, kaya yosoka m'fakitale ku Durban. Lamulo la dzikolo la Immigration Act la 2002, pamodzi ndi ndondomeko zimene zidayamba kugwira ntchito mu Meyi 2014, sililolanso mlendo kusintha chidindo chake kuti chikhale viza ya ntchito ali mkati mwa dzikolo, kupatula pa zifukwa zochepa zapadera. Wofuna viza ya ntchito ayenera kupempha ali kuno kumudzi, kalata ya kampani yomulemba ili m'manja.

Chilungamo chake n'chakuti maviza amenewo adakonzedwera anthu a maluso osowa, monga mainjiniya ndi madokotala. Munthu amene luso lake ndi kuthyola tiyi, kudulira mitengo kapena kuyendetsa makina ofotetsa masamba, mwayi wake ndi wochepa zedi, ngakhale kuti mafamu a kumeneko amamufuna. Anthu a ku Zimbabwe ndi a ku Lesotho adapatsidwa zilolezo zapadera zowalola kukhala ndi kugwira ntchito. Amalawi alibe chilolezo chotere, ngakhale kuti makolo awo adakumba nawo golide wa dzikolo kwa zaka zambirimbiri. Imeneyi ndi nkhani yoti maboma akambirane, ndipo mpaka lero ikupweteka osauka okhaokha.

Nanga masiku akatha? Kale munthu ankalipira chindapusa pachipata n'kudutsa. Kuyambira mu 2014 zidasintha. Wopyola ndi masiku osapitirira 30 amaletsedwa kulowanso m'dzikolo kwa chaka chimodzi. Wobwereza mlanduwo miyezi 24 isanathe amaletsedwa zaka ziwiri. Wopyola ndi masiku oposa 30 amaletsedwa zaka zisanu. Taganizani mnyamata wa ku Thekerani amene wakhala ku Johannesburg miyezi isanu ndi itatu, ndiye wamva uthenga wa maliro a mayi ake. Akafika pa Beitbridge amamuuza kuti asadzapondenso m'dzikomo kwa zaka zisanu, pamene katundu wake ndi malipiro ake a mwezi umenewo wazisiya m'mbuyo. Mwayi wochita apilo ku unduna wa za m'dziko wa Home Affairs ulipo, makamaka kwa amene adachedwa chifukwa cha matenda ndipo ali ndi kalata ya kuchipatala, koma wodziwa zimenezi ndi mmodzimmodzi. Ena mwa amene kumudzi amatchedwa matchona sadaiwale kwawo ayi. Akuopa kuti akatuluka, khomo litsekeka kumbuyo kwawo, ndipo ana amene amawalipirira fizi asiya sukulu.

Mantha amenewa abala malonda. Pali otenga pasipoti za anthu m'matumba kupita nazo kuchipata kuti akazidinditse, eni ake ali phee pantchito. Chidindo chotere nthawi zina chimakhala chopeka, ndipo ngakhale chikhale chenicheni, chikapanda kugwirizana ndi zimene zili mu kompyuta ya Home Affairs, mwini pasipoti amagwidwa ndi mlandu wa chinyengo, umene ndi wolemera kuposa kupyola masiku. Pali ogulitsa mapepala a asylum. Pepala limenelo ndi la munthu wothawa nkhondo kapena chizunzo, ndipo umphawi, ngakhale ukhale wowawa chotani, lamulo siliuwerengera. Wokhala nalo akabwera kudzacheza kwawo waonetsa yekha kuti sankathawa kanthu. Palinso maukwati ogula. N'zoona kuti wokwatirana ndi nzika ya South Africa angathe kupempha viza yomulola kugwira ntchito, ndipo pakatha zaka zisanu angapemphe chilolezo chokhaliratu, koma ukwatiwo amaufufuza, ndipo ukapezeka wabodza zonse zimagwa pamodzi.

Wogwidwa alibe mapepala angathe kulipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri, ndipo ambiri amathera ku Lindela, malo osungirako anthu odikira kubwezedwa kwawo, ku Krugersdorp. Koma sikuti munthu wotere alibe ufulu. Mu 2017 khothi lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti womangidwa pa nkhani ya mapepala azionekera kukhothi pasanathe maola 48, ndipo lamulo sililola kumusunga podikira kumubweza kwa masiku oposa 120. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health ndi CCMA, khothi la zantchito lidanena kuti munthu amene alibe chilolezo chogwirira ntchito ndi wantchito ndithu pamaso pa malamulo a zantchito. Tanthauzo lake n'lakuti bwana amene wakugwiritsa ntchito miyezi itatu n'kukana kukulipira, akumati pita ukanene ngati uli ndi mapepala, angathe kusumiridwa ku CCMA, bungwe loweruza mikangano ya pantchito. Bwanayonso ali ndi mlandu wake, popeza kulemba ntchito munthu wopanda chilolezo n'kuphwanya lamulo. Wotaya pasipoti angapeze kalata yoyendera mwadzidzidzi ku ofesi ya kazembe wa Malawi ku Pretoria kapena ku Johannesburg.

Kufunika kwa dzina lenileni ndi pepala lenileni kumaonekera poyera pakagwa zovuta. Mu Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso mu Johannesburg idapsa n'kupha anthu 76. Mu Meyi 2024 nyumba imene inkamangidwa mumzinda wa George idagwa n'kupha anthu 34. Konse kuwiri mudali Amalawi. Munthu akamwalira akuyendera dzina la mnzake kapena alibe chomuzindikiritsa, abale amavutika kuti amupeze, kuti abweretse thupi kumudzi, ndiponso kuti alandire chipukuta misozi.

Ana obadwira ku Joni nawo ali ndi vuto lawo. Kubadwira ku South Africa kokha sikumupatsa mwana unzika wa dzikolo ngati makolo onse ndi alendo. Angadzapemphe akakwanitsa zaka 18, ngati wakulira komweko ndipo kubadwa kwake kudalembetsedwa. Kholo limene lidaopa kukalembetsa mwana chifukwa cha mapepala ake limamusiya pakati: kuno sadziwika, uko sadziwika.

Tsopano za sponsa. Ambiri amaganiza kuti ndi munthu wachifundo wokugulira tikiti ya ndege. M'malamulo a mayiko ambiri, sponsa ndi kampani, famu kapena banja limene boma la kumeneko lalilola kukubweretsa, ndipo viza yako imakhala yomangirira kwa iyeyo. Ukasiyana naye, viza imathera pomwepo.

Mu Novembala 2023, patangopita milungu yochepa nkhondo ya ku Gaza itayamba ndipo antchito ambiri a m'mafamu atachoka, achinyamata 221 a ku Malawi adakwera ndege kupita ku Israel kukalima. Mu Epulo 2024 maboma awiriwa adasainirana pangano lotumiza ena. Mwezi wotsatira Amalawi 12 adabwezedwa kuno atapezeka atasiya mafamu n'kukagwira ntchito kwina. Pamaso pa munthu wamba sadabe kanthu, adangotsata malipiro abwinoko monga angachitire aliyense wochoka pa esiteti ina kupita pa ina. Koma viza yawo inali ya ntchito ya kufamu basi.

Ku Oman ndondomekoyi ndi yolimba kwambiri, ndipo imatchedwa kafala. Mu Marichi 2024 atolankhani a BBC Africa Eye adaulutsa nkhani ya amayi a ku Malawi amene adalonjezedwa ntchito zabwino ndi maejenti, n'kukapezeka akugwira ntchito za m'nyumba kuyambira m'bandakucha mpaka pakati pa usiku, pasipoti zitalandidwa, ena akumenyedwa ndi kugwiriridwa. Wofuna kuchoka ankauzidwa kuti abweze kaye ndalama zimene bwana adawononga pomubweretsa. Amayi 54 adabwerera kumudzi, ndipo ntchito yowapeza idayambira pa gulu la WhatsApp limene adakhazikitsa mayi Pililani Mombe Nyoni, Mmalawi wokhala ku America. Wotumiza munthu kunja pomunamiza motere, malamulo athu amamutcha wozembetsa anthu. Lamulo la Trafficking in Persons Act la 2015 limapereka chilango cha zaka mpaka 14 m'ndende, ndipo ngati wozembetsedwayo ndi mwana, mpaka 21. Ejenti akakhala wa mumpingo mwanu kapena m'bale wa mlamu wanu, lamulolo silisintha.

Ku Britain chimene anthu amalimbirana ndi Certificate of Sponsorship. Imeneyi ndi nambala imene kampani yokhala ndi laisensi ya boma imapereka kwa munthu amene yamulemba ntchito, ndipo si yogulitsa. Mndandanda wa makampani a laisensi uli pa intaneti, aliyense angauone kwaulere. Njira imene Amalawi ambiri ankadalira, yosamalira okalamba, idayamba kuchepa mu Marichi 2024 pamene adaletsa kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, ndipo pa 22 Julayi 2025 adaitseka kwa onse opempha ali kunja. Choncho wina akamauza banja kuti ligulitse munda kapena njinga yamoto kuti mwana akasamalire okalamba ku London, akulibera. Amene ali kale kumeneko, kampani yawo ikalandidwa laisensi amapatsidwa masiku 60 okha kuti apeze sponsa wina, apo ayi anyamuke.

Za ku America n'zachidule. Mu Ogasiti 2025, Mmalawi wopempha viza yokacheza kapena ya bizinesi adayamba kufunsidwa chikole cha madola 5,000, 10,000 kapena 15,000, chobwezedwa akatuluka m'dzikomo pa nthawi yake. Chifukwa chimene boma la America lidapereka ndi kuchuluka kwa opyola masiku, kusonyeza kuti wotsalira kunja amatsekereza abale ake obwera m'mbuyo. Anthu a ku Thyolo amakumbukiranso mkangano wa green card ya Profesa Peter Mutharika, amene adakhalapo phungu wa kum'mawa kwa bomali ataphunzitsa zaka zambiri ku Washington University ku St. Louis. Chisankho cha 2014 chikuyandikira, iye adafotokoza kuti green card ndi chilolezo chokhala ndi kugwira ntchito chabe, osati unzika, ndipo adaibweza. Kusiyana kumeneku, pakati pa kuloledwa kukhala ndi kukhala nzika, n'kumene kumasokonezanso ambiri ku Joni.

Thyolo imalandiranso alendo, ndipo malamulo athu nawo ali ndi mano. Mamanijala ndi akatswiri a makina ochokera kunja amene amagwira ntchito m'maesiteti amafunika Temporary Employment Permit, imene kampani yowalemba imawapemphera ku nthambi yoona za anthu olowa ndi kutuluka m'dziko. Chilolezocho chimakhala cha zaka ziwiri, chimatheka kuwonjezeredwa, ndipo nachonso n'chomangirira ku kampaniyo. Boma litachotsa viza kwa nzika za mayiko 79 mu Febuluwale 2024, lidatero pofuna alendo odzacheza, monga amene amabwera kudzagona ku Huntingdon House pa Satemwa, osati odzagwira ntchito.

Ovutika kwenikweni ndi a m'mbali mwa malire. Pa nkhondo ya ku Mozambique, imene idatha mu 1992, Malawi idasunga othawa kwawo oposa miliyoni imodzi, ndipo ena adakwatira kapena kukwatiwa konkuno. Mbali zonse za Ruo anthu amalankhula chimodzimodzi, amaikana maliro, amagulitsana chimanga ndi nandolo. Koma lamulo la unzika la Malawi siliyang'ana kumene munthu adabadwira kokha, limafuna kuti mmodzi mwa makolo akhale nzika. Kuchokera pamene bungwe la National Registration Bureau lidalemba anthu m'dziko lonse mu 2017, chitupa cha unzika ndicho chimatsegula banki, nambala ya foni ndi pasipoti. Mwana wa mayi wa ku Thyolo ndi bambo wa ku Milange ndi Mmalawi, ndipo makolo amuthandize kulembetsa akadali moyo, mboni zisanathe. Kwa amene adatenga unzika wa dziko lina, aphungu adasintha lamulo kumapeto kwa 2018 kuti Mmalawi azitha kukhala nzika ya mayiko awiri.

Pasipoti yeniyeniyo yakhala ikuvuta. Kumayambiriro kwa 2024 makina osindikizira adaima kwa milungu ingapo, ndipo atayambiranso boma lidatsitsa mtengo wa pasipoti wamba kuchoka pa K90,000 kufika pa K50,000. Mizere ikatalika, madobadoba amachuluka pakhomo. Wochokera ku Masambanjati, amene wagona panjira ndipo ndalama ya chakudya yamuthera, sachedwa kupereka mapepala ake kwa wina wolonjeza kufulumizitsa. Ndalama ya pasipoti imalipiridwa pamalo ovomerezeka ndipo imakhala ndi lisiti la boma. Yopereka m'manja mwa munthu panja sibwerera.

Palibe angauze wachinyamata wa ku Thyolo kuti akhale pakhomo kudikira mvula ya Disembala pamene ana akulira njala mu Ogasiti. Anthu apitabe. Chimene chikusowa n'chakuti mafumu, mipingo, bungwe la antchito a m'maesiteti la PAWU ndi ofesi ya zantchito azifotokoza malamulowa m'Chichewa ndi m'Chilhomwe nyengo yothyola tiyi isanathe, pamene anthu akadali pamodzi m'makomponi, ndiponso kuti boma likambirane ndi South Africa za chilolezo cha antchito wamba.

Inu amene mwalonjezedwa ntchito kunja, musanapereke ndalama kwa aliyense funsani dzina la kampani yokulembani, mtundu wa viza imene mukayendere, ndi chimene chidzachitike mukadzasemphana ndi bwanayo. Kontirakiti muione ndi maso anu mukadali kuno, mupite nayo ku ofesi ya zantchito pa boma la Thyolo akakuwerengereni, ndipo abale anu muwasiyire kope lake pamodzi ndi la pasipoti. Ejenti akakana kuyankha mafunso amenewa, kapena akanena kuti pasipoti yanu azikusungirani iyeyo, musakwere, ndipo kanene kupolisi.